Chiwerengero cha anthu a m'Mozambique chili ndi zinsinsi zake

ULONGUÉ: Pamene bungwe la boma la Instituto Nacional de Estatística linalengeza mu 2019 zotsatira za kalembera wa mu Ogasiti 2017, anthu a m'dziko muno anapezeka kuti analipo 27,909,798. Ambiri amangoti "pafupifupi mamiliyoni 28" n'kupitirira, koma kwa mwana wa sukulu ku Ulongué kapena ku Domué nambalayi ndi munda wachonde wophunziramo masamu.

Kukula kwake n'kodabwitsa. Wina atati aziwerenga munthu mmodzi pa sekondi iliyonse, osadya osagona, angathe masiku 323 ndi mphindi 43.

Komabe nambala yaikulu chonchi imaulula khalidwe lake msanga. Popeza ikuthera ndi 8, imagawika pawiri popanda chotsala. Manambala ake asanu ndi atatu akaphatikizidwa amakwana 51, ndipo poti 51 amagawika patatu, nayonso yonse imagawika patatu. Pa 9 imakana, pamatsala 6. Pa 7 imalola, ngakhale apa pamafunika pensulo ndi kudekha. Tsono 2, 3 ndi 7 akachulukitsidwa amapereka 42, kutanthauza kuti anthu onsewa akhoza kuikidwa m'magulu 664,519 a anthu 42 gulu lililonse, popanda wotsalira panja.

Kuphatikiza manambalaku si matsenga ayi. 10 ndi 9 kuwonjezapo 1, 100 ndi 99 kuwonjezapo 1, ndipo zimapitirira choncho. Munthu akachotsa ma 9 onsewo amangotsala ndi manambala eni akewo. Apa ndi pamene panachokera njira imene achikulire amene anaphunzira m'Chipwitikizi amaitcha "prova dos nove". Poyesa ngati 42 kuchulukitsa ndi 664,519 ndi 27,909,798, manambala a iliyonse amaphatikizidwa mpaka patsale imodzi: 42 amasanduka 6, pomwe 664,519 amasanduka 31 kenaka 4. Ndiye 6 kuchulukitsa ndi 4 ndi 24, amene amasanduka 6, ndipo 51 uja nayenso amasanduka 6. Zagwirizana.

Wamalonda wowerengetsa matumba a kachewere pa chipata cha Calomué akhoza kudzitchinjiriza ndi njira yomweyi, batire la foni likatha.

Koma njirayi ili ndi khungu lake. Mlembi akasinthanitsa manambala awiri n'kulemba 27,990,798, kuphatikiza kumaperekabe 51, mayeso aja n'kuvomereza bodza, chonsecho m'kaundula mwalowa anthu 81,000 amene kulibe. Anthu ochuluka chonchi angafune masukulu ndi zipatala zawozawo, ndipo boma limayang'ana chiwerengero pokonza zimenezi. N'chifukwa chake mayesowa akakana ndiye kuti palakwikadi, koma akavomera m'pofunikabe kuwerenganso nambala imodziimodzi, chala chili papepala.