Thandizo la boma kwa alimi a mkaka lidauma

Mlimi wa ng'ombe za mkaka ku Thyolo, Chiradzulu kapena Mulanje alibe kuponi ya ng'ombe yake. Chiyambire sabuside ya FISP mu 2005, kenaka AIP mu 2020, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe lakhala likuthera pa feteleza ndi mbewu ya chimanga. Nthambi ya ziweto imangotola zotsala.

Kale boma lidali ndi dzanja pa ulimi umenewu. Mu 1979, mothandizana ndi dziko la Canada, lidayamba ntchito yobweretsa ng'ombe za Holstein m'mafamu ake monga Ndata ndi Katete. Kampani ya boma ya Malawi Dairy Industries inkagula mkaka, madibi ankagwira ntchito, mlangizi wa ziweto ankafika pakhola. Mlimi sankalandira ndalama m'manja, komabe imeneyi idali sabuside ndithu, pakuti mtengo wa zonsezi sankausenza yekha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampaniyo idali itagulitsidwa, madibi adasiyidwa m'manja mwa alimi, ndipo ambiri a iwo lero ndi maenje ouma pamene nkhupakupa zikuswana.

Mkaka wokha sudachepe. Mabungwe monga Shire Highlands Milk Producers Association, Land O'Lakes ndi Heifer International adachulukitsa ng'ombe kudzera m'ndondomeko yopatsirana, yomwe mlimi amapereka thole loyamba lalikazi kwa mnzake. Chomwe chatsika ndi phindu la woweta. Madeya, omwe ndiye chakudya chodalirika cha ng'ombe ya m'khola, amakwera mtengo limodzi ndi chimanga, ndipo chaka cha njala anthu amalimbirana madeyawo ndi ziweto. Mankhwala ndi ochokera kunja, choncho kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idathawa. Mtengo wa lita umaikidwa ndi makampani ochepa ogula, ndipo umakwera mochedwa.

Vutoli limaoneka bwino m'mawa pamalo osonkhanitsira mkaka. Mayi wakama kusanache, wamweta nsenjere, wasenza chigubu mtunda wautali. Mkaka wake auyeza ngati sudathiridwe madzi kapena kusasa, n'kuuthira m'thanki yoziziritsa. Magetsi akathima tsiku lonse ndipo jenereta ilibe dizilo, mkaka wa gulu lonse umasasa, kampani siutenga, ndipo palibe womubwezera mayiyo ngakhale tambala. Magulu ambiri adalawa zimenezi namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022.

Boma lidayesapo kubwerera. Ndondomeko ya ng'ombe imodzi pabanja ya pulezidenti wa nthawiyo Joyce Banda idamveka kwambiri mu 2013, koma idazilala boma litasintha mu 2014. Ine ndikuona kuti vuto lake lidali lomwelija la sabuside ya feteleza: kukonda chinthu chogawika pamsonkhano, n'kuiwala ntchito zosaoneka zomwe zimasunga ng'ombeyo ndi moyo. Ndalama zikadapita kwa alangizi, ku katemera ndi kwa obereketsa ng'ombe ndi umuna wosungidwa, zikadakhalitsa. Ng'ombe ikafuna nkhunzi, wobereketsa n'kulephera kufika chifukwa njinga yamoto ilibe mafuta, mlimi amadikira masabata ena atatu, akudyetsa ng'ombe yomwe mkaka wake ukucheperachepera.