Mwana wamkazi akakonda ng'oma, musathamangire ndodo

Mwina kwanu ku Bembeke kapena ku Linthipe muli ndi mtsikana amene sasiya chidebe chili chete. Mukamutuma kotunga madzi, pobwera chigubu chalira njira yonse. Kutchalitchi sakhala kutali ndi anyamata oimba ng'oma za kwaya. Ndiye inu bambo mwayamba kunena kuti, "Zimenezi n'zachimuna, adzangothera m'mabala."

Dikirani kaye, ndikuuzeni za mayi wina wa ku America, Terri Lyne Carrington.

Iyeyu anabadwa mu 1965 ku Medford, m'boma la Massachusetts. Bambo ake, a Sonny Carrington, ankaimba saxophone, ndipo mwanayo anayamba ndi chitoliro chomwecho. Mano akutsogolo atagweluka, kuuzira kunavuta. M'nyumbamo munali ng'oma za malemu agogo ake aamuna, a Matt Carrington, amene ankaimba nyimbo za jazi. Ali ndi zaka 7 anazikhalira ng'oma zija, ndipo sanazisiyenso.

Apa ndi pamene ndikufuna makolo mumvetsetse. Bambo aja sanamubisire timitengo toimbira. Komanso sanangomulekerera kuti aziyendayenda yekha usiku ayi. Ankamutenga okha kupita naye kumene akatswiri akuimba, n'kumudziwitsa kwa iwo, iwo ali pomwepo. Ali ndi zaka 10 anaimba limodzi ndi katswiri wa lipenga Clark Terry. Pa zaka 11 sukulu ya zoimbaimba ya Berklee ku Boston inamupatsa mwayi wophunzira osalipira.

Mu 1983 anapita ku New York, kenako ku Los Angeles komwe ankaimba ng'oma pa pologalamu ya pa TV ya Arsenio Hall. Anayenda maiko ambiri ndi Herbie Hancock komanso Wayne Shorter. Mu 2014 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya Grammy ya chimbale cha jazi chopanda mawu, ndipo mu 2018 anatsegula nthambi ku Berklee komwe kuja yothandiza kuti atsikana asamakankhidwire kumbali pa zoimba. Tangoganizani, ngakhale ku America komweko zinatenga zaka zonsezo kuti mkazi afike pamenepo.

Mwina mukuti, izo n'za kunja. Chabwino. Nanga kuchinamwali ng'oma amaimba ndani? Si amayi anthu? Pachisamba ndani amagunda ng'oma mpaka mudzi wonse kudziwa kuti kwagwanji? Zithunzi za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zina mwa izo anajambula ndi amayi a Chichewa pophunzitsa anamwali. Agogo athu aakazi ng'oma ankaidziwa bwino. Chachilendo apa n'chakuti lero ng'omayo ili pagulu, pali magitala, ndipo mwina pali ndalama.

Mantha anu sindikuwapeputsa. Zoimba zimachitika usiku, pamakhala mowa, ndipo pali abambo ena amene amalonjeza mtsikana kuti amutchukitsa pomwe cholinga chawo n'china. Ndalama zake nazo sizibwera mwezi ndi mwezi ngati za mphunzitsi. Koma mukamuletsa ndi ukali, mtsikana wokonda ng'oma sasiya, amangoyamba kubisa. Ndiye adzapita komweko mukuopako, inu osadziwa.

Chitani ngati bambo Carrington. Mudziweni amene akumuphunzitsa, dzina lake ndi kumene amakhala. Ayambire kukwaya kapena kusukulu, masana. Akaitanidwa kokaimba paukwati ku Lobi, mayi kapena malume apite naye, abwere naye. Mugwirizane kuti mayeso akagwa pansi, ng'oma ziyamba zapuma. Akakula luso likadalipo, ku Lilongwe kuli sukulu ya Music Crossroads yophunzitsa zoimbaimba, ndipo kuchokera pa Dedza ndi ulendo wosakwana makilomita 100.

Nanunso achimwene amene mwangokwatira kumene, munamupeza mkazi wanu akuimba ng'oma kukwaya, mwinanso n'zimene zinakukopani. Lero ukwati wamangidwa mukuti asiye chifukwa anzanu pabawo akukusekani kuti mkazi wanu amakhala pakati pa amuna. Nkhani imeneyi mukanaikamba pa chitomero, ankhoswe ali pompo. Ngati nsanje yakuvutani, Loweruka likubwerali valani jekete, popeza kuno kumazizira madzulo, mumuperekeze kokonzekera nyimbo, mukhale pabenchi yakumbuyo mpaka amalize.