Foni ija ikhoza kuwawerengera agogo

Ana anga, makomo ambiri kuno ku Liwonde muli foni ya intaneti, koma oigwira ndi a maso akuthwa okhaokha. Agogo amene ng'ala kapena shuga yawawononga maso, ndiponso mwana wosaona, amangodikira wina awawerengere. Ndiye taganizani, uthenga wa ndalama zochokera ku Joni kuwerengedwa ndi mwana wa aneba! Chinsinsi chathera pomwepo, mwinanso ndalamazo.

Chonsecho foniyo ikhoza kuwawerengera yokha, ndipo si matsenga ayi.

Zaka zonse zimene ndidagwira unamwino, singano yopangidwa ku India inkalowa bwinobwino pa jakisoni wopangidwa ku Ulaya. Opanga zipangizozi amatsata muyezo umodzi wa bungwe la dziko lonse la ISO, lomwe a Malawi Bureau of Standards, aja a chidindo cha pa mchere ndi mafuta ophikira, ndi membala wake.

Pa intaneti zilinso chimodzimodzi. Bungwe la W3C, lomwe Tim Berners-Lee adayambitsa mu 1994, limakhazikitsa miyezo yopangira masamba a pa intaneti, kuti tsamba lomwelo litseguke pa Itel yogulidwa pamsika wa Liwonde komanso pa kompyuta ya ku London. Lina la Unicode lidapatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake, kuphatikizapo ŵ wa m'dzina loti Malaŵi, kuti foni zonse zizimuzindikira mofanana.

Mu 1999 a W3C adatulutsa malangizo otchedwa WCAG oganizira anthu aulumali. Adawakonzanso mu 2008, ndipo mu 2012 a ISO adawavomereza kukhala muyezo wawo. Malangizowa amati chithunzi chizikhala ndi mawu ochifotokoza, kanema azikhala ndi mawu olembedwa kaamba ka anzathu osamva, ndipo zilembo zizitheka kukulitsidwa kawiri popanda mawu ena kusowa. Tsamba lopangidwa motero foni imaliwerenga mokweza, mzere ndi mzere.

Tsono chitani izi madzulo ano. Lowani pa Settings, pezani polembedwa Accessibility. Ngati agogo akuonako pang'ono, kulitsani zilembo, basi. Ngati sakuoneratu, yatsani TalkBack. Pa iPhone amati VoiceOver. Koma ndikuchenjezeni: mukangoyatsa, kagwiridwe ka foni kamasintha. Kukhudza kamodzi foni imangotchula chimene mwakhudzacho, kuti chitseguke mugogode kawiri msangamsanga. Ambiri amathamangira kwa okonza mafoni poganiza kuti yawonongeka, n'kulipira ndalama zaulere. Khalani nawo pansi agogowo masiku angapo, mofatsa, osawakalipira. Agulireninso zomvera za m'makutu kuti za ndalama zisamveke mpaka kuseri kwa nyumba.

Ngati liwu la m'foniyo ndi la Chingerezi, Chichewa chimatuluka chopindika ngati cha mzungu wongofika kumene, moti poyamba mudzaseka. Khutu limazolowera, ndipo manambala imawatchula bwino.

Pamene pamandiwawa ine ndi apa. Akuluakulu kunjako adagwirizana miyezo, koma ife timaiwononga tokha pa WhatsApp. Uthenga wa maliro, wa msonkhano wa makolo kusukulu, wa banki nkhonde, wina amalemba papepala ndi bolopeni, kujambula, n'kutumiza. Nthawi zambiri foni ya munthu wosaona imalephera kuwerenga zolemba pamanja zoterozo, ndiye mnzathuyo amamva za malirowo anthu atabwerako kumanda. Tayipani uthengawo, ndi mphindi ziwiri zokha. Mukatumiza chithunzi, lembani pansi pake kuti ndi cha chiyani. Pagulu pakakhala wosamva, musangotumiza mawu ojambula, lembaninso. Paja mu 2009 dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo ndime 9 ya panganolo imatchula intaneti mwachindunji.

Komatu kukulitsa zilembo si mankhwala. Agogo akayamba kuona ngati kuli nkhungu dzuwa likuswa mtengo, pitani nawo kuchipatala cha boma cha Machinga kuno ku Liwonde akawayeze maso, shuga ndi BP. Ng'ala imachotsedwa ndi opareshoni yaifupi, ndipo ambiri amayambanso kuwerenga okha.