Masikito a boma si mpanda wa kudimba

Mvula ikangokhazikika, benchi ya pa chipatala chaching'ono cha kumudzi imadzaza dzuwa lisanatuluke. Amayi abereka ana otentha thupi, akudikira kuti abayidwe chala. Mizere iwiri ikaoneka pa kachipangizo koyezera malungo, a dokotala amalemba mankhwala a LA, kenaka n'kufunsa ngati mwanayo amagona m'masikito. Pafupifupi aliyense amati inde. Koma ukatsikira kudambo, masikito omwewo ndi amene atchinga tomato kuti nkhuku zisajomphe, ndipo kunyanja ena awalumikiza n'kumakokera usipa pamodzi ndi tiana ta chambo.

Wolandirayo salipira kanthu, koma neti iliyonse imagulidwa. Gawo lalikulu la ndalama zake lakhala likuchokera ku Global Fund, thumba lomwe linakhazikitsidwa mu 2002, komanso ku boma la America kudzera mu President's Malaria Initiative. Unduna wa Zaumoyo ndiwo umatuma alangizi a zaumoyo kukachita kalembera khomo ndi khomo, n'kugawa neti imodzi pa anthu awiri alionse, monga zinachitikira mu 2018 ndi mu 2021. Amayi oyembekezera amalandiranso yawo kusikelo.

N'chifukwa chiyani boma limagawira mudzi wonse m'malo mosiya aliyense adzigulire? Yankho lili m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu waukazi ukaluma munthu wodwala malungo, sungapatsire wina tsiku lomwelo. Kachilomboko kamafuna masiku 10 kapena kuposerapo kuti kakhwime, kachoke m'mimba mwa udzudzuwo n'kukafika m'malovu ake. M'masiku amenewa udzudzu umafunabe magazi, ndipo umatsata mpweya ndi fungo la munthu wogona. Ukatera pa neti, mankhwala amalowera m'miyendo yake, n'kufa kachilombo kaja kasanakhwime. Tinene kuti neti ndi msampha, ndipo wogonamo ndiye nyambo yomwe udzudzu sungaifike. Nyumba zambiri zikapachika, udzudzu wokalamba, womwe ndiwo woopsa, umachepa m'mudzi monse, moti ngakhale mlonda wochezera panja amapindula. Nyumba khumi zikapititsa maneti kudimba, msampha wa mudzi wonse wabooka.

Udzudzu nawonso sunagone. M'madera ngati Chikwawa ndi Nkhotakota, mtundu wa Anopheles funestus unayamba kupirira mankhwala akale, ndipo boma linayenera kugula maneti okwera mtengo okhala ndi PBO, mankhwala omwe amafooketsa mphamvu imene udzudzu umasungunulira poizoni m'thupi mwake.

Ndiye pakati pa zonsezi pabwere munthu n'kumati maneti a boma amabwera ndi nsikidzi! Bodza limeneli latopetsa. Neti imachoka kufakitale yomata m'pulasitiki, itanyikidwa m'mankhwala ophera tizilombo. Nsikidzi zimakhala kale m'ming'alu ya khoma, m'mphasa ndi m'miyendo ya bedi. Mankhwala a pa neti amazinyansa, zimatuluka m'mobisalamo, mwininyumba n'kuziona zikuyenda poyera, basi mlandu wagwera neti. Ena amafika pomati neti imachepetsa mphamvu za abambo m'nyumba. Palibe umboni uliwonse wa zimenezi, pomwe umboni wa malungo uli m'wodi ya ana chaka chilichonse, kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Mphekesera zoterezi zikuwononga chuma chomwe tsogolo lake silikudziwika. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kunja, ndipo ntchito za zaumoyo m'maiko ambiri a mu Africa zinagwedezeka. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, koma kwa zaka zambiri Malawi wakhala akuperewera pa mlingowu. Chikhalirecho, dziko lino linadziikira chaka cha 2030 kuti likhale litathana ndi malungo.

Alangizi a zaumoyo amati neti yatsopano iyambe yayanikidwa pamthunzi tsiku lathunthu isanapachikidwe, kuti isayabwe pakhungu. Ikabooka isokedwe, ndipo usiku uliwonse ipisiridwe kunsi kwa mphasa kapena matiresi, ngakhale m'nyengo yotentha ya Okutobala.