Ulendo wa Patrick Mabedi ndi zimene wosewera amadutsamo kuti akhazikike kunja

KASUNGU: Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsekedwa, mabwalo a m'midzi ndi m'maesiteti a m'boma la Kasungu amadzaza ndi anyamata opikisana pa mpira wamiyendo. Ambiri mwa iwo amalakalaka kukasewera kunja, makamaka m'dziko la South Africa kumene osewera a dziko lino akhala akupita kwa zaka zambiri.

Koma si onse amene amadziwa njira yofikira kumeneko, ndipo matimu ang'onoang'ono amene amasula anyamatawa kawirikawiri sadziwa kuti malamulo a mpira padziko lonse amawapatsa gawo pa ndalama zogulitsira wosewera. Mbiri ya Patrick Mabedi, mmodzi mwa otchinga kumbuyo odziwika kwambiri amene dziko lino latulutsa, ikuthandiza kumvetsa nkhaniyi.

Mabedi anabadwa m'chaka cha 1973 ndipo anatchuka akusewera mu timu ya Bata Bullets ya mumzinda wa Blantyre. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapita ku Kaizer Chiefs ya ku Johannesburg, imodzi mwa matimu amene ali ndi owatsatira ochuluka zedi kum'mwera kwa Africa.

M'chaka cha 2001, pansi pa mphunzitsi Muhsin Ertugral, timuyi inafika mu ndime yotsiriza ya chikho cha African Cup Winners' Cup, chimene ambiri ankachitcha chikho cha Mandela. Masewero oyamba ndi Interclube ya ku Angola anathera 1-1 mumzinda wa Luanda. Pa masewero achibwereza ku Johannesburg, Chiefs inapambana 1-0 ndipo chigolicho anamwetsa ndi Mabedi kudzera pa penate.

Pambuyo pake Mabedi anatsogolera anzake ngati kaputeni pamene Chiefs inatenga ligi ya South Africa kawiri motsatizana, mu nyengo ya 2003/04 ndi ya 2004/05, mphunzitsi ali Ted Dumitru. Chikho cha 2004 chinali choyamba cha ligi ku timuyi chichokereni mu 1992. Mu 2006 anapita ku Moroka Swallows kumene anakatsirizira ntchito yake yosewera.

Chimene chimachititsa mbiriyi kukhala yapadera ndi malo amene Mabedi ankasewera. Womwetsa zigoli amadziwika msanga chifukwa ntchito yake imawerengeka, pamene wotchinga kumbuyo amayamikiridwa ndi zimene waletsa kuti zisachitike, ndipo kulakwitsa kwake kumodzi kumakumbukika nyengo yonse. Komanso ligi ya South Africa imalola timu iliyonse kulembetsa osewera akunja asanu okha, choncho eni matimu amakonda kusungira malo amenewa osewera kutsogolo. Mlendo wosewera kumbuyo amayenera kuposa eni dziko mooneka, kupewa makhadi ndi kuvulalavulala, komanso kutha kulankhulana bwino ndi goloboyi ndi anzake chifukwa iye ndiye amakonza mzere wotchinga.

Otchinga kumbuyo ena a dziko lino anatsata njira yomweyi. Peter Mponda anasewera ku Black Leopards ndi ku Santos, ndipo anali kaputeni wa Flames pa mpikisano wa Africa Cup of Nations wa mu 2010 ku Angola, kumene Malawi inagonjetsa Algeria 3-0 pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri. Limbikani Mzava anasewera ku Bloemfontein Celtic, Golden Arrows, Highlands Park ndi AmaZulu, ndipo anatsogolera Flames pa mpikisano womwewu ku Cameroon mu Januwale 2022, pamene timuyi inadutsa ndime ya m'magulu kwa nthawi yoyamba isanagonje 2-1 ndi Morocco.

Dziko limene limapereka chitsanzo chachikulu pa malonda a osewera ndi Argentina. Javier Zanetti, yemwe anabadwa chaka chimodzi ndi Mabedi, anayambira ku timu yaing'ono ya Talleres de Remedios de Escalada, kenako anapita ku Banfield, ndipo mu 1995 anagulidwa ndi Inter Milan ya ku Italy. Anakhala komweko mpaka mu 2014, anasewera masewero 858, ndipo mu 2010 anali kaputeni pamene timuyi inatenga ligi, chikho cha Italy ndi Champions League m'nyengo imodzi. Ku Argentina kugulitsa osewera kunja ndi njira yaikulu imene matimu amapezera ndalama, n'chifukwa chake amasamala kwambiri zolembetsa ana kuyambira ali aang'ono. Dziko la Malawi silachilendo kumeneko, pakuti Ernest Mtawali, wosewera pakati, anakasewerako ku Newell's Old Boys m'zaka za m'ma 1990 asanapite ku Toulouse ya ku France.

Malamulo a bungwe la FIFA, amene anakonzedwanso mu 2001, ali ndi mfundo zingapo zimene akuluakulu a zamasewero m'maboma ayenera kuzidziwa.

Yoyamba ndi yakuti wosewera sangalembetsedwe m'dziko lina popanda chikalata chomumasula chochokera ku bungwe la mpira la dziko limene akuchokera. Kuno kwathu chikalatachi chimaperekedwa ndi bungwe la Football Association of Malawi, FAM, ndipo kuyambira mu 2010 ntchitoyi imachitika kudzera pa makina a kompyuta a FIFA.

Yachiwiri ndi yakuti mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kugulitsidwa kunja, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati makolo ake asamukira kudzikolo pa zifukwa zosakhudzana ndi mpira. Munthu wolonjeza kutengera mwana kunja kukasewera, makamaka akamapempha ndalama kwa makolo, ayenera kufufuzidwa ku FAM asanapatsidwe kalikonse.

Yachitatu ndi chipukutamisozi kwa matimu amene anasula wosewera. Wosewera akasayina kontirakiti yake yoyamba kunja, kapena akasamukira dziko lina asanapitirire zaka 23, timu yomutenga imayenera kulipira pa maphunziro amene analandira ali wamng'ono. Kuwonjezera apo, wosewera akagulitsidwa kontirakiti yake isanathe, ndalama zisanu pa 100 iliyonse zimagawidwa kwa matimu onse amene anamusula ali ndi zaka za pakati pa 12 ndi 23. Mu 2022 FIFA inakhazikitsa ofesi yapadera yotchedwa Clearing House yoonetsetsa kuti ndalamazi zikufikadi kwa eni ake.

Apa ndi pamene pagona vuto la maboma ngati Kasungu. Ndalamazi zimatsatira kaundula wosonyeza matimu amene wosewera analembetsedwako chaka ndi chaka. Timu ya pa esiteti kapena ya pamudzi imene sinalembetse ku bungwe la mpira la m'chigawo chapakati sioneka m'kaundulamo, ngakhale itamulera mwanayo zaka zisanu. Chimodzimodzinso mwana wopanda chiphaso cha kubadwa amavutika kutsimikiza zaka zake, ndipo matimu akunja amakayika kumutenga. Choncho ntchito ya bungwe la National Registration Bureau, limene linachita kalembera wa nzika mu 2017, ikukhudzanso tsogolo la masewero.

Boma la Kasungu linaonetsa kale kuti luso lilipo pamene timu ya TN Stars inalowa mu Super League mu 2018 n'kumasewera pa bwalo la Kasungu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba: alimi a fodya amadziwa kuti mbande yosasamalidwa ku nazale siipeza mtengo wabwino kumsika. Makhonsolo, maofesi a zamasewero ndi aphunzitsi akuluakulu a sukulu angathandize polimbikitsa matimu a ana kulembetsa mwalamulo ndi kusunga mayina, masiku obadwa ndi zaka zimene mwana aliyense wasewera.

Phindu la wosewera wopita kunja silithera pa ndalama zokha. Mabedi atasiya kusewera analowa uphunzitsi, anakhala wachiwiri kwa Steve Komphela ku Kaizer Chiefs mu 2017 ndipo anagwirizira udindo wa mphunzitsi wamkulu mu 2018. Kenako anabwerera kumudzi kudzaphunzitsa timu ya dziko lino ya anyamata osaposa zaka 20, ndipo anaphunzitsa Flames kuyambira mu 2023 mpaka mu 2024. Naye Mponda anatsogolera Silver Strikers kutenga ligi ya dziko lino mu 2024.