Khungu lolendewera munthu akachepa thupi: kulisamalira ndi zimene Chisilamu chikunena

Ambiri amene madokotala adawalangiza kuchepetsa thupi chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi amakumana ndi vuto limene sadaliyembekezere. Mafuta achoka, koma khungu latsala likulendewera pamimba, m'mikono, m'ntchafu ndi pachifuwa. Ena amachita manyazi mpaka kuyambanso kudya kwambiri kuti thupi libwerere. Kumeneko ndi kutaya phindu limene adalivutikira. Khungu lotere si matenda, koma limafuna chisamaliro.

Khungu lili ndi timinyewa totchedwa collagen ndi elastin timene timalichititsa kutamuka ndi kubwerera. Munthu akakhala wonenepa zaka zambiri, timinyewati timatopa ngati lasitiki ya zovala imene yakokedwa nthawi yaitali. Ukalamba, fodya ndi kuchepa thupi mothamanga zimawonjezera vutoli. N'chifukwa chake achipatala amalangiza kutaya pakati pa theka la kilogalamu ndi kilogalamu imodzi pa sabata. Khungu limabwererako pang'onopang'ono kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, koma amene adataya makilogalamu ochuluka asayembekezere kuti lidzabwerera lonse.

Tisanapitirire, tisiyanitse kuchepa thupi mwadala ndi kuonda kosadziwika chifukwa. Ngati munthu wataya 5 peresenti ya kulemera kwake m'miyezi 6 mpaka 12 asakufuna, akayezetse shuga, TB ndi HIV. Amene ali ku Lilongwe angapite ku chipatala cha Bwaila ku Old Town, ndipo a kunyanja ali ndi zipatala za boma ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Ife tonse tisiye kunong'onezana tikaona mnzathu waonda. Kumuganizira matenda ndi kumunena kumbali ndi miseche, ndipo Chisilamu chidaletsa.

Vuto lenileni la tsiku ndi tsiku lili pamalo amene khungu lapindana. Thukuta limakhazikika pamenepo, makamaka m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, ndipo khungu limayamba kufiira, kuyabwa, kununkha, nthawi zina kusupuka. Odwala shuga ndiwo amavutika kwambiri ndi mafangasi a pamalo otere. Apa ukhondo ndi chipembedzo zikukumana. Posamba janaba, kapena mayi akamasamba pomaliza kumwezi, madzi ayenera kufika thupi lonse, choncho tukulani khungulo ndi dzanja kuti madzi alowe. Mukatha, pukutani mpaka paume, chifukwa chinyezi chotsalira ndicho chimabweretsa zilonda. Valani zovala za thonje. Pakayamba kuyabwa, achipatala amapereka mankhwala opaka monga clotrimazole, koma pakatuluka mafinya kapena thupi likatentha, musachedwe kunyumba.

Kuti mikono ndi ntchafu zisaoneke zokhwefuka, mangani minofu. Idyani usipa, utaka, nyemba, mazira, mtedza ndi soya, ndipo chitani ntchito zolimbitsa minofu kawiri kapena katatu pa sabata. Mafuta opaka ndi malamba omanga pamimba amene amagulitsidwa mumsika waukulu wa Lilongwe kapena pa WhatsApp sachotsa khungu lotsala. Musatayirepo ndalama za ufa ndi fizi ya ana.

Khungu likachuluka kwambiri, njira yokhayo yolichotsera ndi opaleshoni. Madokotala amadikira kaye kuti kulemera kwa munthu kukhazikike kwa miyezi ingapo, amafuna kuti shuga akhale wosamalidwa bwino, ndiponso kuti wosuta asiye fodya. Opaleshoniyi imasiya chipsera chachitali ndipo bala lingathe kuchedwa kupola. Woiganizira ayambire ku chipatala cha kwawo, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akaonane ndi akatswiri.

Kodi kumeneku si kusintha chilengedwe cha Allah? Maulama amasiyanitsa kuchotsa vuto ndi kungofuna kukongola kopitirira. Abu Dawud ndi Tirmidhi adalemba nkhani ya Arfajah ibn As'ad, amene adadulidwa mphuno pankhondo. Ataika ya siliva idayamba kununkha, ndipo Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adamulamula kuika ya golide. Mu Julayi 2007, bungwe la International Islamic Fiqh Academy litakumana ku Putrajaya m'dziko la Malaysia lidagamula kuti opaleshoni yokonza chilema kapena yochotsa chovutitsa ndi yololedwa ngati phindu lake likuposa chiopsezo ndipo woichita ndi dokotala wodziwa ntchitoyo. Choncho amene khungu likumuchititsa zilonda zosatha, kapena likumulepheretsa kuyenda ndi kuswali bwino, asaope kufunsa dokotala.

Amuna ndi akazi apabanja, limbikitsanani. Mnzanu amene wachepetsa thupi kuti ateteze moyo wake wachita chinthu chabwino, ndipo mawu onyoza a m'nyumba ndiwo angamubwezere m'mbuyo. Allah atipatse thanzi ndi kupirira.