Pampu iyambe yokha, kompyuta idikire

Madzi ndi magetsi ndi adani, izi ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa. Koma chodabwitsa n'chakuti alipo makompyuta amene amaziziritsidwa ndi madzi oyenda m'timapaipi m'kati mwenimweni mwa makinawo.

Makompyuta oterewa ndi aja amphamvu, ogwira ntchito zolemetsa monga kukonza makanema a maukwati, kujambula nyimbo ndi masewero a pakompyuta. Ndi katundu wa ndalama zambiri, ndipo pakhomo pamene adagulidwa ngati mpamba wa bizinesi ya mwana, dontho limodzi logwera polakwika likhoza kuliza banja lonse.

Chimodzi mwa zimene zimatentha kwambiri mu kompyuta ndi purosesa, kachipangizo kamene kamawerengera ntchito zonse. Kutentha kukayandikira madigiri 100, purosesa imachepetsa yokha liwiro, apo ayi kompyuta imangozima pofuna kudziteteza. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, maka kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi Salima, mafani amavutika chifukwa mpweya umene amakupiza umakhala wotentha kale.

Madzi amaposa mpweya pa ntchitoyi kaamba kakuti lita imodzi ya madzi imanyamula kutentha kochuluka koposa maulendo 3,000 poyerekeza ndi lita ya mpweya. Nzeruyi si yachilendo. Mchaka cha 2004 kampani ya Apple idatulutsa kompyuta ya Power Mac G5 yoziziritsidwa ndi madzi.

Kayendedwe kake n'kofanana ndi ka mu injini ya galimoto. Pampu imakoka madzi m'kathanki n'kuwakankhira pa kachitsulo ka kopa kokhala pamwamba pa purosesa. Madziwo amatenga kutentha n'kukakusiya ku rediyeta kumene mafani amawaziziritsa, kenaka amabwereranso m'kathanki.

Komatu walira mvula walira matope. Paliponse pamene paipi yalumikizidwa pakhoza kudontha, ndipo madzi akagwera pa motherboard magetsi ali m'kati, zipangizo zikhoza kupsa nthawi yomweyo. Akagwera pamene mulibe magetsi, mmisiri amangopukuta, kuumitsa bwino, n'kukonza podonthapo.

N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amayamba ayendetsa pampu yokha kompyuta ili chizimire. Funso n'lakuti pampu iyenda bwanji pamene bokosi logawa magetsi, lija amati power supply, limadikira lamulo lochokera ku motherboard kuti liyake?

Yankho lili m'kapangidwe ka ATX kamene kampani ya Intel idakhazikitsa mchaka cha 1995. Pa pulagi yaikulu ya mabowo 24 pali waya mmodzi wobiriwira ngati msipu, wa pa nambala 16. Wayayu akalumikizidwa ndi wakuda aliyense, monga wa pa 15 kapena 17, power supply imayaka ngati kuti wina wadina batani la kompyuta. Pa mapulagi akale a mabowo 20, wobiriwirayo amakhala pa 14.

Mmisiri amayamba wazimitsa swichi ya kumbuyo ndi kuzula pulagi kukhoma. Kenaka amachotsa mawaya onse opita ku motherboard, ku purosesa, ku khadi ya zithunzi ndi ku hard disk, n'kusiya pampu yokha. Mapampu otchuka monga D5 ndi DDC amayendera mavolti 12, amene amadzera pa waya wachikasu.

Akatero amapinda kawaya komanira mapepala n'kulumikiza bowo la waya wobiriwira ndi la wakuda. Kulinso timapulagi topangidwira ntchito imeneyi, ndipo n'todalirika kuposa kawayako chifukwa sitisuntha.

Safunsa adadya phula. Ma power supply ambiri a masiku ano ali ndi mawaya akuda okhaokha, choncho kungoganizira kukhoza kuotcha katundu. Pamenepa mmisiri ayenera kuona kabuku kamene kadabwera ndi chipangizocho ndi kuwerenga mabowo mosamala. Chinanso, bokosi la power supply silitsegulidwa, pakuti m'kati mwake mumatsala magetsi oti n'kupha munthu ngakhale pulagi itazulidwa kukhoma.

Pampu siyenera kuyenda youma chifukwa madzi omwewo ndiwo amakhala ngati oyilo wake. Choncho kathanki kamadzazidwa kaye kuti madzi atsikire m'pampu. Mmisiri amayatsa kwa masekondi ochepa, n'kuzimitsa madzi asanathe m'kathankimo, n'kuthiramonso ena. Amabwereza mpaka madzi atazungulira ponse n'kubwerera.

Madzi ake si a pamjigo kapena a pampopi ayi, pakuti amenewa amakhala ndi mchere umene umatseka tinjira ta pa kachitsulo ka kopa kaja. Ofunika ndi opangidwira makompyuta, kapena a distilled, amene ambiri amawadziwa pothira m'batire ya galimoto. Apa pafunika kupenyetsetsa botolo kuti lisakhale la asidi. Kusakaniza zipangizo za kopa ndi za aluminiyamu n'koletsedwanso chifukwa aluminiyamuyo amadyeka.

Madzi akayamba kuzungulira, mmisiri amaika mapepala a tishu pansi pa malo onse olumikizira mapaipi. Dontho laling'ono limene diso silingaone, pepala limaulula. Kupendeketsa kompyuta pang'onopang'ono kumathandiza kuti thovu la mpweya likwere kupita m'kathanki, ndipo phokoso la pampu limanka lichepa.

Ambiri amaisiya pampu ikuyenda maola 12 mpaka 24. Magetsi akathima m'kati mwa nthawiyi ndi bwino kuzimitsa swichi, chifukwa akabwera pampu imadzuka yokha ngakhale pakhomo palibe munthu. Ana nawo asamasewere pafupi.

Amisiri ena masiku ano amayamba apopera mpweya m'mapaipi ndi kapampu kamanja kokhala ndi geji. Muvi wa geji ukamatsika ndiye kuti penapake pakutuluka mpweya, ndipo amakonza asanathire n'komwe madzi. Palinso zoziziritsira zobwera zomata kale kufakitale zotchedwa AIO, zimene sizifuna kuthira madzi.

Tishu akapezeka wouma maola onsewo atatha, mmisiri amazimitsa, kuchotsa kawaya kaja, kubwezeretsa mawaya onse m'malo mwake, n'kuyatsa kompyuta. Mwini makina akhoza kudandaula kuti ntchito ya makasitomala yachedwa ndi tsiku lathunthu, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limodzi lodikira n'lotchipa kusiyana ndi motherboard yatsopano.